Ndigule chainsaw kapena ndiyambe ndi zingwe? Odula mitengo, ndithandizeni nzeru

WaKuChilomoni analemba:

Akuluakulu, moni nonse. Ine ndimakhala ku Chilomoni kuno ku Blantyre, ndipo chimene chimandidyetsa ndi kusadza ndi kugwetsa mitengo m'mipanda ya anthu. Ntchitoyi ndinaiona kwa malume anga omwe ankagwetsa mabulugamu cha ku Chigumula, koma inadzachuluka pambuyo pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Chiyambire pamenepo, aliyense amene ali ndi mtengo wautali pafupi ndi nyumba sagona tulo mitambo ikayamba kuda. Mu Okutobala ndi Novembala foni imangolira: ku Namiwawa, ku Sunnyside, ku Nyambadwe, ngakhale ku Machinjiri komwe nyumba ndi zothithikana moti nthambi ya kwa uyu imagwera pa malata a uyo.

Zida zanga ndi chikwanje, nkhwangwa, sowo yamanja ndi chingwe cha buluu chija chimagulitsidwa m'mahadiweya a ku Limbe. Ndimakwera wopanda nsapato chifukwa phazi limagwira bwino khungwa. Pakafunika chainsaw ndimachita hayala kwa bambo wina wa ku Ndirande, ndipo amabwera ndi mnyamata wake woyendetsa makinawo. Pomaliza ndikawerengera, theka la ndalama lapita kwa iwowo, pomwe wokwera m'mwamba muja ndinali ine.

Pano ndasungako kandalama. Sikambiri, koma kangakwanire chainsaw yogwirapo kale ntchito, kapena yatsopano ya ku China. Mnzanga wina amene anakhalako ku Joni akuti ndisaputsitsidwe, ndiyambe ndagula lamba wokwerera ndi zingwe zenizeni. Ine ndikuona ngati makasitomala amalemekeza munthu amene wafika ndi makina, osati ndi zingwe paphewa.

Ndiye amene mukugwira ntchitoyi, kaya kuno kaya kunja, mungandiuze chiyani? China ndi ichi: mumatchaja bwanji? Ine ndimangoyang'ana kukula kwa mtengo n'kutchula ndalama, koma nthawi zambiri ndimapezeka kuti dzuwa lalowa ndikadali kukoka nthambi, phindu osalioneka.

MadalaWaKuJoni anayankha:

Mphwanga, mnzako uja wakuuza zoona. Ine ndakalambira pa ntchito imeneyi kuno ku Johannesburg, ndinayamba ndi kukoka nthambi kupita nazo ku bakkie (galimoto ya pikapu) ku Randburg, pano ndili ndi anyamata anga. Mzinda uno ndi nkhalango yobzala anthu, majakaranda, ma oak, ma plane, mabulugamu, ndipo Amalawi ambiri tikudya za mitengo yomweyi. Mwa anthu amene ndawaona akubwerera kumudzi ndi ndodo kapena m'bokosi, ochepa ndi amene anachekedwa ndi makina. Ambiri anagwa, kapena chinawagwera.

Gula zingwe. Chainsaw ungabwereke, monga ukuchitiramu. Koma chingwe chimene chikunyamula moyo wako sichibwerekedwa, chifukwa sudziwa kuti dzulo chinakokera galimoto yanji. Ndipo chingwe cha buluu chako chija uchisiyire oyanika zovala. Chimatha ndi dzuwa osaoneka kuti chatha, ndipo chikakhuzana ndi nthambi pali katundu wolemera chimatentha n'kusungunuka. Zingwe zikhale ziwiri zosiyana mtundu kuti usazisokoneze: chokwerera iwe, ndi chotsitsira nthambi. Chokwerera chisadzanyamulepo chipika ngakhale tsiku limodzi. Uwonjezepo lamba wokhala ndi zolowetsa miyendo, kachingwe kakafupi kokoleka pathunthu ukamadula, ndi helemeti yomanga pachibwano. Mfundo zomangira uphunzire zochepa koma uzizimanga ngakhale utatsinzina: bowline ndi Blake's hitch kapena Prusik.

Za kulemera anthu ambiri samazidziwa bwino. Bulugamu wamuwisi, chipika chotalika mita imodzi, chonenepa masentimita 40 m'mimba mwake, chimaposa matumba awiri a simenti. Chimenecho chikagwa kaye pang'ono chingwe chisanachigwire, mphamvu imene imafika pachingwe ndi panthambi yomwe wakolekapo imachuluka kangapo. Ndiye mtengo wonse umagwedezeka, iwe uli momwemo. N'chifukwa chake timadula tizidutswa ting'onoting'ono ngakhale kasitomala akuyang'ana wotchi, ndipo munthu wapansi amakulunga chingwe pathunthu n'kumachilola chitsetsereke pang'ono, osachigwira zolimba nthawi imodzi.

Pamenepa ndiye pali nkhani imene sunaitchule n'komwe: pansi pamakhala ndani ukakwera? Munthu wapansi ndi wofunika kuposa makina alionse. Ndi amene amaona zimene iwe sungaone, amathamangitsa ana obwera kudzaonerera, amaletsa mayi wa pakhomo kudutsa ndi beseni pansi pa mtengo, amatsitsa nthambi. Akhale munthu mmodzi wokhazikika amene mumamvana, osati aliyense amene wamupeza pasiteji m'mawa umenewo. Mugwirizane mawu: iwe ukakuwa, sudula mpaka iye atayankha. Makina akulira simumvana, ndiye mugwirizanenso za manja. Ndipo umulipire bwino.

Kugwetsa mtengo wonse kuchokera pansi: mbali yomwe ukufuna ugwere udulako kamwa, kulowa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu a thunthu. Kenako upita kumbuyo, kudula pamwamba pang'ono pa pomwe pathera kamwa ija, koma osafika. Pakati pamatsala kachigawo kosadulidwa, pafupifupi gawo limodzi mwa khumi, ndipo kameneko kamagwira ntchito ngati hinji ya chitseko, ndi kamene kamawongolera mtengo. Ukakadula, mtengo upita komwe wafuna wokha. Ukhale ndi maweji (tizipika tosongoka) okhomera m'mene wadula kumbuyo muja kuti mtengo usakhalire makina. Njira yothawira uilambule usanalize makina, cham'mbali chakumbuyo, osati kumbuyo kwenikweni chifukwa tsinde limatha kudumpha n'kukumenya. Anthu ena onse akhale kutali mtunda wa kutalika kwa mtengowo kawiri. Bulugamu wopendekeka usamusewere naye: amang'aluka chotalika usanamalize kudula, chigamphu chake n'kukwera m'mwamba pomwe pali nkhope yako.

Mtengo uliwonse uli ndi khalidwe lake. Mapeyala amathyoka osachenjeza, nthambi yooneka yonenepa bwino osaidalira. Mango ndi olemera ndipo mumakhala nyerere zoluma. Bulugamu amaterera kukagwa kamvula. Kanjedza wa m'mipanda ya mabwana ndiye woipitsitsa: masamba ouma olendewera aja amatha kugumuka onse pamodzi n'kumupanikiza munthu pathunthu mpaka kulephera kupuma, ndiye sukwera pansi pawo. Madzi a kanjedza nawonso amadya chitsulo cha makina, ukamaliza tsuka tsiku lomwelo. Usanakwere mtengo uliwonse uuzungulire kaye. Bowa patsinde, chiswe, mphako, nthaka yotukuka mbali imodzi, zonsezo zikukuuza kuti mkatimo kapena mizu yawola. Uime pang'ono uyang'ane ngati pamphako sipakulowa njuchi. Njuchi zikakupeza uli womangirira m'mwamba ulibe kothawira.

Tsopano za ndalama. Kudula ndi gawo laling'ono la ntchito. Nthawi imathera pa kutsitsa, kuduladula, kukoka, kukweza m'galimoto ndi kusesa. Ndiye usamayang'ane kukula kwa mtengo kokha, uziyang'ana zimene zili pansi pake ndi mtunda wochokera pamtengo kukafika pageti. Mtengo waukulu wa pabwalo lopanda kanthu ndi wotchipa kuposa waung'ono womwe uli pakati pa thanki yamadzi ndi khitchini. Uziwerenga motere: masiku angati, anthu angati, mafuta, hayala ya makina, maulendo angati a galimoto, kenako phindu lako pamwamba. Kuzula chitsa kuli ndi ndalama yake yapadera, unene poyamba pomwe, chifukwa kasitomala aliyense amaganiza kuti kugwetsa mtengo ndi kuzula ndi chitsa chomwe.

Kuno tili ndi vuto lina lomwe linasintha ntchito yathu. Kuli kachilombo kakang'ono kwambiri, shot hole borer, kochokera kum'mwera chakum'mawa kwa Asia, komwe kanapezeka koyamba m'dziko lino ku Pietermaritzburg mu 2017. Kamaboola thunthu n'kulowetsamo nkhungu imene imatseka njira za madzi, mtengo n'kuyamba kuuma chakumwamba. Kawononga ma plane, ma oak ndi box elder ambiri m'misewu ya kuno. Mtengo wogwidwa ndi kameneka nkhuni zake sitigulitsa kapena kupita nazo dera lina, chifukwa ndi mmene kamafalira. Ndikukuuza kuti udziwe kuti wodula mitengo amayenera kudziwanso matenda a mitengo. Komanso kuno mtengo wa mumsewu ndi wa City Parks, bungwe la khonsolo loyang'anira mitengo ya mumzinda, ngakhale uli pageti pa bwana, sitiukhudza popanda chilolezo.

Mafuta a tcheni ndi odula, ambirife kuno timangothira oilo wakuda wochotsa m'galimoto. Ukadzagula makina ako udzaona wekha.

MayiAPaNamiwawa anayankha:

Ine si wodula mitengo, ndine mmodzi wa amene timakuitanani, ndiye ndiloleni ndinene za mbali yathu. Achimwene a ku Chilomoni, si zoona kuti timalemekeza makina. Timalemekeza munthu amene akachoka pakhomo pamakhala pabwino.

Pakhomo panga panali mtengo wa mapeyala umene anabzala apongozi anga. Ndinaitana anyamata ena kuti achotse nthambi ziwiri zimene zinkakhula malata. Ndinapita kuntchito. Pobwera ndinapeza chithunthu chili njo, mutu wonse atadula, ati kuti usadzavutenso. Zipatso tinakhala osaziona kwa nthawi yaitali, ndipo mphukira zimene zinatuluka pamwamba paja zinakula mothamanga, zowirira, moti pano ndi zimene zikuthyoka ndi mphepo. Maluwa anga anapondedwa, paipi ya madzi inaphwanyika, aliyense akuti si iye.

Ndiye langizo langa ndi ili. Muziyenda ndi mwini nyumba kuzungulira mtengowo, kuloza nthambi iliyonse imene ichoke, ngati n'kotheka kuilemba ndi choko. Zimene mwagwirizana muzilemba pa WhatsApp, ndalama yake, tsiku lake, ndiponso kuti nkhuni ndi za ndani. Nkhani ya nkhuni imeneyi imadanitsa anthu kwambiri. Mwini nyumba amati mtengo ndi wanga, wodula amati ndinatsitsa mtengo wa ntchito chifukwa ndimadalira kukagulitsa nkhunizo. Ngati ndi mbawa kapena malaina woti angacheke matabwa ndiye mkangano wake umafika patali. Mtengo wa m'malire musaukhudze musanaonane ndi aneba, ngakhale amene wakuitananiyo akulumbira kuti ndi wake. Ndipo chonde, wina akabwera akununkha kachasu m'mawa ine ndimamubweza pageti pomwepo, chifukwa akagwa ndi pakhomo panga pamene pagwe maliro.

WaKuLeicester anayankha:

Madala a ku Joni anena zambiri zomwe ndikugwirizana nazo, koma pa oilo wakuda ndiye ayi, madala, pepani. Oilo ameneyo ali ndi tizitsulo ta mu injini, amadya pampu ndi bar (chitsulo chachitali chomwe tcheni imazungulirapo), samamatira patcheni, ndipo amene amamupuma ndi kumugwira tsiku lonse ndi inu nomwe. Ndi wodziwika kuti amayambitsa matenda a pakhungu, ngakhale khansa. Komanso mukuwaza m'dimba la kasitomala.

Ine ndimagwira ntchitoyi kuno ku England, ndipo ndifotokozeko mmene zilili, osati kuti muzitengera zonse, koma pali zina zosafuna ndalama. Kuno sungangogula makina n'kuyamba kukwera pa ntchito ya anthu. Pali mayeso a bungwe loyesa anthu maluso la City & Guilds NPTC amene anthu amawatchulabe ndi manambala ake akale: CS30 ndi kusamalira makina ndi kuduladula zipika, CS31 kugwetsa mitengo yosapitirira mamilimita 380, CS38 kukwera ndi kupulumutsa mnzako m'mwamba, CS39 kugwiritsa ntchito chainsaw uli pachingwe. Taonani ndondomeko yake, achimwene. Munthu amaphunzira makina ali pansi, kenako kukwera wopanda makina, ndipo pomaliza ndi pomwe amaphatikiza ziwirizo. Inu muli kale ndi luso lokwera. Choopsa n'chakuti mugule makina Loweruka, Lolemba n'kukwera nawo.

CS38 ija ndi imene ndikufuna muiganizire. Kuno pa ntchito iliyonse yokwera pamayenera kukhala munthu wachiwiri pansi wotha kukwera, ali ndi zida zake, woti akakutsitseni mukavulala. Munthu wodzicheka pamkono kapena pantchafu m'mwamba ali ndi mphindi zochepa, ndipo wolendewera pa lamba atakomoka nayenso sachedwa. Ambulansi singakwere mtengo. Ndiye munthu wapansi amene madala akunenayo mumuphunzitse kukwera, ndipo tsiku lina lopanda ntchito muyeserere kutsitsana pa mtengo waufupi. M'thumba la lamba muzikhala bandeji yaikulu yothinitsa bala. Masiku ano kuno timakwera ndi zingwe ziwiri zokolekedwa malo osiyana, ndipo zida zokwerera zimayesedwa ndi katswiri miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Kumudzi katswiriyo ndi inu nomwe: chingwe chizidutsa m'manja mwanu chonse m'mawa uliwonse, mukamva pofewa kapena potupa, dulani pamenepo.

Makina akamadumpha n'kubwerera kumaso, chimachititsa ndi nsonga ya bar, chakumtunda kwake, ikagunda chinthu. Zimachitika mwachangu kuposa mmene dzanja lingayankhire. Choncho manja onse awiri pamakina, chala chachikulu chitazungulira chogwirira, osadula pamwamba pa mapewa, ndipo mutu usakhale pamzere umodzi ndi bar. Timakina ting'onoting'ono togwirira pamwamba tija, monga Stihl MS 201T, timanyenga chifukwa timanyamulika ndi dzanja limodzi, ndipo anthu ambiri odzicheka mkono wamanzere amadzicheka ndi timeneti, dzanja lina litagwira nthambi. Nthambi zambiri za m'mwamba sowo yamanja yakuthwa imakwanira. Ine pa ntchito yosadza ndimagwiritsa ntchito sowo yamanja nthawi yambiri kuposa makina.

Nkhani ya mayi a ku Namiwawa ija ndi imene imasiyanitsa wodziwa mitengo ndi wongodula. Mtengo suchira bala mmene khungu lathu limachitira. Umatsekera chowolacho mkati n'kumera thupi latsopano pamwamba pake, zimene katswiri wa ku America, Alex Shigo, anazionetsa atang'amba mitengo yambirimbiri. Mphamvu yotsekerayo ili pa kotupa kaja kamene kali pomwe nthambi yalumikizana ndi thunthu. Mukadula mofanana ndi thunthu mwachotsa kameneko, kuwola kumalowa mkati. Mukasiya chiputu chachitali, chimauma n'kukhala khomo la chiswe. Dulani kunja pang'ono kwa kotupako. Ndipo nthambi yolemera imadulidwa katatu: koyamba chapansi, patali pang'ono ndi thunthu, kachiwiri chapamwamba kuti igwe osasenda khungwa, kachitatu kuchotsa kotsalako bwinobwino. Pabala osapakapo penti, phula kapena oilo, zimangosunga chinyezi. Kudula mutu wonse kumabala mphukira zimene zimangomata kunja kwa thunthu lowola, ndipo pakapita zaka zingapo mtengo umakhala woopsa kuposa poyamba. Mukatha kumufotokozera kasitomala zimenezi, mtengo umodzi womwewo mudzausadza kambirimbiri, pomwe wogwetsa amadya kamodzi.

Za malamulo kuno ndiye zambiri. Mtengo ungakhale wa m'dimba lako koma uli ndi Tree Preservation Order, osaukhudza popanda chilolezo cha khonsolo, ndipo m'madera ena otetezedwa umadziwitsa khonsolo masabata asanu ndi umodzi ntchito isanayambe. Kuwononga chisa choti muli mazira ndi mlandu pansi pa lamulo loteteza zachilengedwe la 1981. Matenda a mitengo ya ash, omwe anatsimikizika kuno mu 2012, apangitsa kuti yambiri tisamaikwere n'komwe chifukwa imathyoka mosayembekezeka, timagwiritsa ntchito galimoto yokweza munthu. Kumudziko ndikudziwa kuti lamulo la zankhalango la 1997 linakhwimitsidwa mu 2020, choncho mitengo yachilengedwe monga mbawa, mlombwa kapena muwanga, makamaka ngati mukufuna kunyamula zipika pamsewu, yambani mwafunsa ku ofesi ya zankhalango. Ya m'mbali mwa msewu mufunse kukhonsolo, ya kumanda ndiye mukudziwa kale kuti ndi ya amfumu.

WaKuChilomoni anayankha:

Zikomo kwambiri nonse, ndawerenga kawiri. Amayi, za choko ndi WhatsApp ndiyamba sabata ino. Wapansi ndili naye, ndi msuweni wanga, koma kukwera amaopa, ndiye pamenepo pali ntchito.

Madala, ndifunseko za ntchito imene ndapatsidwa kale. Ndi bulugamu wamtali, wapendekera kumsewu, ndipo mbali imeneyo kukudutsa mawaya a ESCOM, aja atatu a pamwamba pa mapolo. Nthambi zina zatsala pang'ono kukhudza. Mwini wake akuti ndidule Lamlungu m'mamawa anthu ali kutchalitchi, ndipo ndalama imene watchula ndi yabwino, ingakwanire lamba ndi chingwe chimodzi. Ndinaganiza zomanga chingwe pamwamba, anyamata n'kumakokera kumpanda. Zingatheke?

Komanso ngati pali amakanika pano, makina a ku China aja ndi otayiratu ndalama?

MakanikaWaMuLimbe anayankha:

Achimwene, za bulugamuyo ayankha madala. Ine ndinene za makina, chifukwa amene amafera m'manja mwanu amathera pabenchi panga.

A ku China si onse oipa, amagwira ntchito yopepuka, ndipo zipangizo zake zimapezeka motchipa. Amene ndimadana nawo ndi onamizira, opakidwa utoto ndi dzina la Stihl kapena Husqvarna pomwe si enieni. Mukaona mtengo wake watsika modabwitsa, dziwani kuti pali chifukwa. Pogula yogwirapo kale ntchito, ikokeni chingwe cholizira pang'onopang'ono mumve ngati ikulimba. Yesani buleki ya tcheni, chotchinga chija chili kutsogolo kwa dzanja lamanzere: mukachikankha makina akulira, tcheni iime nthawi yomweyo. Ambiri amachotsa buleki ikawonongeka n'kumagulitsa choncho. Imeneyo musagule ngakhale akuchotsereni theka. Ngati mwini wake alola, masulani mafula muone pisitoni, ikakhala ndi mizere yokalika ndiye kuti inayendapo ndi mafuta osasakaniza bwino.

Makina ambiri amene amabwera kwa ine anaphedwa ndi kasakanizidwe ka mafuta. Stihl ndi Husqvarna zimafuna 50 kwa 1 ndi oilo wabwino wa two-stroke, kutanthauza mamililita 100 pa malita asanu a petulo, kapena 20 pa lita imodzi. Ambiri a ku China amalemba 25 kwa 1, ndiye kuti 40 pa lita. Werengani zimene zalembedwa pamakina anuwo, ndipo muziyeza ndi jakisoni kapena kabotolo ka manambala, osati ndi maso. Petulo wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu, amene anthu amathamangira mafuta akasowa, nthawi zina amakhala wosakaniza ndi zina, ndipo injini yaing'ono ngati imeneyi siichedwa kugwira. Osasakaniza wambiri woti akhale mwezi wathunthu. Sefa ya mpweya muziitsuka madzulo alionse.

Tcheni yakuthwa imalavula tizipalipali, yobuntha imatulutsa fumbi ndipo mumayamba kukanikiza, pomwe ngozi imayambira. Nolani pang'ono nthawi iliyonse mukathira mafuta. Tupa ikhale ya saizi ya tcheni yanu, mwachitsanzo ya mamilimita 4.8 pa tcheni ya .325, ndipo mano onse alandire mofanana, apo ayi makina azidula mokhota. Mitengo ya m'mipanda imakhala ndi misomali ndi mawaya a zoyanikira zovala omwe anamira m'thunthu kalekale, ndiye tcheni yapadera isamasowe m'chikwama. Tcheni ikangogunda dothi kamodzi yatha kuthwa.

Pa oilo wakuda ndili mbali ya achimwene a ku England. Mapampu amene ndimasintha ambiri ndi a anthu a oilo wakuda. Ngati wa tcheni weniweni wadula, oilo watsopano wa injini wotchipa ndi wabwinoko. Mafuta ophikira amathandiza tsiku limodzi, koma mukawasiya m'thanki amauma n'kumata chilichonse.

MadalaWaKuJoni anayankha:

Chabwino, pa oilo mwandigonjetsa awirinu, ngakhale sindikulonjeza kuti anyamata anga amva.

Mphwanga, bulugamu ameneyo Lamlungu usamukhudze. Mawaya atatu a pamwamba pa mapolo, opanda chokutira, kawirikawiri amakhala a mavoti 11,000 kapena 33,000, si a m'nyumba aja. Magetsi otero safuna kuti uwagwire, amatha kudumpha ukayandikira, ndipo mtengo wamuwisi ndi chingwe chonyowa zimawapititsa bwinobwino mpaka kwa anyamata ako okoka aja. Komanso anthu anayi kapena asanu sangabweze bulugamu wamtali amene wapendekera kale kwina. Akangoyamba kuyenda amawakoka iwowo, kapena chingwe chimaduka. Mwini nyumbayo akusankha Lamlungu m'mamawa chifukwa akudziwa kuti pakufunika chilolezo ndipo sakufuna kuvutika nacho. Mawaya akaduka, dzina limene litchulidwe ndi lako.

Umuuze apite yekha ku ESCOM akanene kuti mtengo wake ukuopseza mawaya, abwere adzaone, agwirizane tsiku lozimitsa laini kapena achotse okha nthambi za kumawayazo. Ukamva kuti azimitsa usangokhulupirira za pafoni kapena poona kuti m'dera mulibe magetsi, chifukwa akhoza kuyaka nthawi iliyonse. Pakhale munthu wawo pamalopo wokuuza kuti yamba. Zikatero mtengowo sugwetsedwa wathunthu, umaphwasulidwa kuchokera kumwamba, kuyamba ndi nthambi za mbali yolemerayo, ndipo imeneyo ndi ntchito ya munthu amene ali kale ndi lamba ndi zingwe ziwiri, osati amene akufuna kuzigula ndi ndalama ya ntchito yomweyo. Ngati ku Blantyre kuli wina amene ali nazo, mutengane, iwe ukhale wapansi tsiku limenelo, mugawane ndalama. Uphunzirapo zambiri.

Unditumizire kuno zithunzi ziwiri, china utaima patali kuti mtengo, mawaya ndi nyumba zioneke pamodzi, china cha patsinde mbali imene mtengo wachokera popendekeka. Ndikufuna ndione ngati nthaka yatukuka kapena yang'aluka pamenepo, chifukwa ngati mizu yayamba kuzuka ndiye kuti ngakhale atazimitsa magetsi, mtengo umenewo si wokwera.